Mabuleki saduka tsiku limodzi

Ngozi ikachitika pamtsetse kapena pamsika wa m'mbali mwa msewu, mawu oyamba kumveka amakhala omwe aja: "Mabuleki anaduka." Dalaivala akapulumuka amanena choncho, oona amabwereza, ndipo nkhani imathera pomwepo. Zimachitikadi kuti paipi yaphulika kapena kachitsulo kathyoka mosayembekezereka, koma zoterezi n'zakamodzikamodzi. Kawirikawiri mabuleki amakhala atachenjeza kwa milungu yambiri mwini wake osalabadira, kapena amakhala ali bwinobwino koma apatsidwa ntchito yoposa msinkhu wawo: kuimitsa galimoto pamtunda wosakwanira, pamsewu woterera, kapena atapsa kale chifukwa cha phazi la woyendetsa yemweyo. Ine ndimakhulupirira kuti galimoto imaima bwino kapena kulephera kuima chifukwa cha zimene dalaivala anachita phazi lisanafike n'komwe pabuleki.

Pamene ambiri timadzinamiza m'pa mtunda. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imadya mamita pafupifupi 28 pa sekondi iliyonse. Pa 80 imadya mamita 22, pa 60 mamita 17, pa 50 mamita 14. Tsono diso likaona choopsa, phazi silifika pabuleki nthawi yomweyo. Mutu uyambe wazindikira kuti chili kutsogolocho ndi mwana osati chitsa, phazi lichoke pamoto, lisamukire pabuleki, kenako liponde. Kwa munthu watcheru, wosatopa, wosalawa mowa, zonsezi zimatenga pafupifupi sekondi imodzi, ndipo kwa amene maganizo ali kwina zimaposa pamenepo. Nthawi yonseyi galimoto ikungopita ndi liwiro lake lija, osachepetsa ngakhale pang'ono. Amene wawerama masekondi awiri kuti aone uthenga pafoni ali pa 80, wayenda mamita 44 osaona msewu.

Buleki ikagwira, mtunda wachiwiri umayamba, ndipo uwu ndi umene umapusitsa anthu. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira suwirikiza kawiri ayi, umawirikiza kanayi. Paphula louma, matayala ali abwino, galimoto yaing'ono yothamanga 50 imaima patatha mamita pafupifupi 14 chipondereni buleki. Pa 100 imafuna mamita pafupifupi 55. Mukaphatikiza sekondi yoganizira ija, wa 50 amafuna mamita 28, wa 80 mamita pafupifupi 57, wa 100 mamita opitirira 80.

Taganizirani magalimoto awiri akulowa pamsika wa m'mbali mwa M1, monga pa Lizulu kapena pa Jenda, ina pa 50, ina pa 60. Mwana wathawa m'manja mwa amayi ake n'kulowa mumsewu mamita 28 kutsogolo. Madalaivala onse awiri amuona nthawi imodzi, onse aponda buleki patapita sekondi imodzi, mabuleki awo ndi ofanana. Wa 50 uja aima mphuno ya galimoto ili pamwana, osamukhudza. Wa 60 akafika pamalo omwewo akadali pa liwiro la makilomita pafupifupi 40 pa ola. Poyambira anasiyana ndi 10 yokha, imene pa geji sioneka ngati kanthu, koma pomalizira wina waima, wina wagunda mwana ndi liwiro lothyola mafupa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiopsezo choti woyenda pansi amwalire akagundidwa ndi galimoto chimakula kanayi ndi theka liwiro likachoka pa 50 kufika pa 65. Lipoti la bungweli la 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, kuno ku Africa ndi kumene imfazi zachuluka kuposa kwina kulikonse. M'misewu yathu oyenda pansi, akabaza, ngolo ndi ziweto amagawana phula limodzi ndi mathiraki, choncho masamu amenewa si a m'kalasi.

Usiku nkhaniyi imakula. Magetsi a dimu amaunika mamita 50 kapena kucheperapo, ndipo munthu wovala zakuda kapena njinga yopanda chowala kumbuyo zimaonekera pafupi kuposa apo. Amene akuthamanga 100 ali pa dimu akuyenda liwiro loti chilichonse chimene magetsi ake angamuonetse, sangathe kuchiimira. M'chifunga cha ku Dedza kapena ku Chikangawa n'chimodzimodzi. Lamulo lake ndi limodzi: yendani liwiro loti mutha kuima mkati mwa mtunda umene maso anu akuona kuti ndi woyera.

N'chifukwa chake dalaivala wodziwa ntchito amaponda buleki kochepa kuposa wongoyamba kumene. Maso ake sakhala pabampala ya galimoto ya kutsogolo, amakhala patali. Akaona minibasi yaima kumanzere, amadziwa kuti wina atulukira kutsogolo kwake osayang'ana. Akaona mbuzi imodzi yawoloka, amayembekezera ana ake. Akaona ana asukulu akuthamangitsana m'mbali, kapena wakabaza akucheuka, amachotseratu phazi pamoto n'kuliika pamwamba pa buleki osaponda. Kachitidwe kameneka n'kochepa koma kamadula gawo lalikulu la sekondi yoganizira ija, ndipo pa 60 theka la sekondi ndi mamita 8.

Mpata pakati pa inu ndi galimoto ya kutsogolo umayesedwa bwino ndi nthawi osati ndi maso. Galimoto ija ikadutsa mtengo kapena chikwangwani, werengani mumtima modekha. Mukafika pamalopo masekondi awiri asanakwane, mwayandikira kwambiri. Masekondi awiri ndi ochepetsetsa, ine ndimakonda atatu, ndipo mvula ikamagwa pamafunika anayi kapena kuposa. Ena amadandaula kuti ukasiya mpata wina amalowapo. Alowe, inu bwererani m'mbuyo pang'ono, simutaya ngakhale mphindi imodzi paulendo. Ngati wina wakukakamirani kumbuyo, musamuopseze ndi buleki. Onjezerani mpata wa kutsogolo kwanu kuti mukafuna kuima muime pang'onopang'ono, iye aone magetsi anu ofiira nthawi ikadalipo, ndipo pakapezeka malo abwino mumulole adutse. Magetsi ofiirawo aziyakadi: pemphani wina aime kumbuyo inu mukuponda, chifukwa babu yakupsa simungaione muli pachiwongolero.

Chizolowezi china chimene chimandiwawa mtima n'chopitirira thiraki kenako n'kulowa kutsogolo kwake kwenikweni, pafupi ndi hampu kapena pokhotera. Thiraki yodzaza katundu imafuna mtunda wautali kwambiri kuposa galimoto yaing'ono, ndipo mpata umene dalaivala wake anasiya kutsogolo ndiwo mtunda wake woimira. Mukalowamo n'kuponda buleki, mwamulanda njira yokhayo imene akanakupulumutsirani.

Pa kuima kwa tsiku ndi tsiku palibe zambiri zoti tinene. Yambani msanga, pondani mofewa, onjezerani mphamvu pakati, ndipo galimoto ikatsala pang'ono kuima pepuzani phazi kuti okwera asagwedezeke. Pagalimoto ya magiya apamanja musathamangire kalachi. Pondani buleki kaye injini ikuthandizeni, kalachi ibwere liwiro litatsika. Pa otomatiki gwiritsani phazi lamanja lokha, lamanzere lipume pambali, chifukwa phazi logonera pabuleki limatentha mapadi komanso limayatsa magetsi ofiira nthawi zonse mpaka wakumbuyo amaleka kuwakhulupirira. Pansi pa mapazi pasakhale botolo la madzi kapena kapeti yopindika, ndipo patapata si nsapato yoyendetsera galimoto.

Pokhota, liwiro limachepetsedwa msewu ukadali wowongoka. Tayala lililonse limagwira pansi ndi kachigawo kofanana ndi chikhatho cha munthu, ndipo kachigawo kameneka ndi kamene kamakhotetsa komanso kuimitsa galimoto. Mukakapatsa ntchito ziwirizi nthawi imodzi mwamphamvu, imodzi imalephereka: mwina mphuno imapita molunjika kutchire, mwina kumbuyo kumatembenuka. Pamaenje ndi pamahampu n'chimodzimodzi. Buleki imakankhira kulemera kwa galimoto kutsogolo, masipuling'i akutsogolo n'kupanikizika, ndiye mukalowa m'dzenje phazi lili chipondere, tayala ndi limu zimalandira nkhonya yonse. Chepetsani liwiro musanafike, masulani buleki tayala likatsala pang'ono kulowa.

Kuima kwadzidzidzi ndi nkhani ina, ndipo apa cholakwa cha ambiri si kuponda kwambiri koma kuponda moperewera. Munthu amene zaka zonse waphunzira kuponda mofewa, tsiku la ngozi amapondanso mwaulemu, n'kuonjezera mphamvu mochedwa mtunda utatha. Magalimoto ambiri amene tikugula kuchokera ku Japan masiku ano, a Vitz, a Sienta, a Passo ndi anzawo, ali ndi ABS. Njira imeneyi inayamba kuikidwa m'magalimoto a Mercedes-Benz mu 1978, itapangidwa mogwirizana ndi kampani ya Bosch. Pa tayala lililonse pali kachipangizo kowerenga mmene likuzungulira. Tayala likafuna kuuma n'kuyamba kukhwekhwereza, kompyuta imamasula buleki ya tayala limenelo n'kuigwiranso kambirimbiri pa sekondi imodzi. Phindu lake lalikulu n'lakuti tayala lozungulira limamvera chiwongolero, pamene louma limangopita kumene galimoto ikulowera ngakhale mupotoze bwanji.

Pagalimoto ya ABS, pondani buleki ndi mphamvu zanu zonse nthawi imodzi, pamodzi ndi kalachi ngati ilipo, ndipo musachotse phazi mpaka galimoto itaima kapena choopsa chitadutsa. Pedulo idzanjenjemera pansi pa phazi, kutsogolo kudzamveka kukukuta ngati china chathyoka. Palibe chathyoka, ndi mmene ABS imagwirira ntchito. Ambiri amachita mantha ndi kunjenjemeraku n'kumasula phazi pa nthawi imene likufunika kwambiri. Musapope. Maso ayang'ane pamene pali mpata wothawira osati pa chinthu chimene mukuopa kugunda, chifukwa manja amatsata maso. Pagalimoto yakale yopanda ABS, pondani mwamphamvu mpaka matayala atatsala pang'ono kuuma. Mukamva akulira n'kukhwekhwereza, pepuzani pang'ono kuti azungulirenso, kenako pondaninso.

Koma ABS siwonjezera kugwira kwa msewu. Pamsewu wafumbi, pamiyala yosalimba kapena pamchenga, galimoto ya ABS imatha kuima patali kuposa yopanda ABS, chifukwa tayala louma limaunjika dothi kutsogolo kwake n'kudzitchinga, pamene ABS silola zimenezo. Misewu yathu yambiri ya kumidzi ndi yotere, ndiye amene wazolowera mmene galimoto yake imaimira mumzinda asayese kuti ichita zomwezo akapatuka paphula. Pali nthawi zina pamene buleki yamphamvu imapha m'malo mopulumutsa, monga tayala likaphulika muli paliwiro. Gwirani chiwongolero ndi manja awiri, galimoto ikhale yowongoka, chotsani phazi pamoto pang'onopang'ono, ndipo buleki muikhudze mofewa liwiro litatsika kale.

Mvula imawirikiza mtunda woimira kawiri, nthawi zina kuposa. Yoopsa kwambiri ndi mvula yoyamba ya mu Novembala, imene imapeza phula litakutidwa ndi fumbi, oyilo ndi dizilo za chilimwe chonse, n'kuzisandutsa thope loterera losaoneka ndi maso. Mizere ya patayala ntchito yake ndi kutaya madzi kuti labala likhudze pansi. M'kati mwa mizereyo muli timizere topingasa totalika mamilimita 1.6, tayala likadyeka mpaka kufanana ndi timizereti latha ntchito, ndipo pamvula limakhala litayamba kale kufooka lisanafike pamenepo. Tayala losalala likakumana ndi madzi odikha paliwiro limayandama, chiwongolero n'kupepuka m'manja. Zikatero musaponde buleki kapena kupotoza, ingochotsani phazi pamoto mpaka matayala agwirenso. Ogula matayala a kaunjika aziyang'ananso manambala anayi a m'mbali mwa tayala: 2316 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2016, ndipo labala lokalamba limauma ngakhale mizere ikuoneka yakuya. Magalimoto ena amafika kuno atavala matayala opangidwira chisanu cha ku Japan, amene labala lake n'lofewa ndipo saimitsa bwino paphula lotentha kapena lonyowa. Mukawoloka madzi akuya, yendani pang'onopang'ono mukukhudza buleki mofewa kangapo kuti mabuleki aume musanawafune.

Tsono tifike pamitsetse, pamene mawu aja oti mabuleki anaduka amamveka kwambiri. Dziko lathu lili ndi mitsetse yeniyeni: kutsika kuchokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa, Khwekhwelere kutsikira ku Golomoti, Chiweta, msewu wa Golodi kuchokera ku Livingstonia kutsikira ku Chitimba, kuchokera ku Mzuzu kupita ku Nkhata Bay, kuchokera ku Ku Chawe kutsikira mumzinda wa Zomba. Kuti timvetse chimene chimachitika m'malo amenewa tiyenera kudziwa kuti buleki siipha mphamvu ya galimoto, imangoisandutsa kutentha. Mapadi amafinya disiki, kapena mashuu amakankha dilamu, kukhuzanako kumatulutsa moto, ndipo mphepo imauchotsa. Poima kamodzi, ngakhale mwadzidzidzi, zitsulo zimalandira kutenthako n'kuzizira pambuyo pake. Pamtsetse wautali kutentha kumabwera kosalekeza, mofulumira kuposa mmene mphepo ingakuchotsere.

Blantyre ali pamtunda wa mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Chikwawa ali pafupifupi mamita 100. Galimoto yotsika mamita 900 amenewa iyenera kutaya mphamvu yofanana ndi kuima kuchokera pa makilomita 100 pa ola maulendo opitirira 20 motsatizana. Gawo lina limatha ndi mphepo ndi kugudubuzika kwa matayala, koma lotsalalo liyenera kupita kwinakwake, ku injini kapena ku mabuleki. Amene amatsika ali mugiya yapamwamba phazi lili chigonere pabuleki, wasankha kuti lonse lipite ku mabuleki.

Zotsatira zake zimabwera m'njira ziwiri, ndipo phazi limatha kuzisiyanitsa. Yoyamba, mapadi akatentha mopitirira amaleka kugwira disiki. Pedulo imakhala yolimba ngati kale, mukuponda ndi mphamvu, koma galimoto sikumvera, ndipo m'galimoto mumalowa fungo loipa la chinthu chopserera. Yachiwiri ndi ya buleki fuluwidi. Mafuta amenewa ndi amene amanyamula mphamvu ya phazi kupita kumatayala, ndipo amatha kutero chifukwa chamadzimadzi sichifinyika. Koma fuluwidi imayamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono. Ya DOT 3 ikakhala yatsopano imayenera kupirira mpaka madigiri 205 isanawire, ya DOT 4 mpaka 230. Ikamwa madzi malirewo amatsika kufika pa 140 ndi pa 155. Ikawira, m'mapaipi mumadzaza nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika. Pedulo imafewa, kenako imangolowa mpaka pansi popanda chogwira. Chopusitsa n'chakuti galimoto ikaima kwa kanthawi, nthunzi ija imabwerera kukhala madzi, pedulo n'kulimbanso, mwini wake n'kumati vuto latha lokha. Silinathe, likudikira mtsetse wotsatira. Opanga magalimoto ambiri amati fuluwidi izisinthidwa pakatha zaka ziwiri, koma kuno ambiri timangothiramo yoonjezera, ndipo ilipo miyandamiyanda ya magalimoto imene ikuyendabe ndi fuluwidi yakuda bii imene inabwera nayo padoko.

Mankhwala a mtsetse ndi giya, ndipo imasankhidwa pamwamba, liwiro lisanakwere. Madalaivala akale amati giya imene ungakwerere phiri ndi yomweyo yotsikira, ndipo sanalakwitse. Mukaika giya 3 kapena 2 n'kuchotsa phazi pamoto, injini imagwira galimoto, ndipo kutentha kwake kuli ndi kotulukira. Idzalira mokweza, koma kulirako sikuiwononga malinga ngati muvi wa injini sunalowe pofiira. Buleki ikhale yothandizira chabe: liwiro likakwera, pondani motsimikiza kwa masekondi ochepa pamalo owongoka mpaka litsike bwino, kenako chotsani phazi lonse kuti zitsulo zipume. Mukaona kuti mukuponda pafupipafupi, giya yanu yakwera, tsitsani ina.

Ambiri a otomatiki sanachotsepo ndodo ya giya pa D chigulireni galimoto, osadziwa kuti zilembo zina zija zinaikidwira malo ngati amenewa. Pali 2 ndi L, pena S ndi B, pena kabatani ka O/D m'mbali mwa ndodo, pena chizindikiro cha kuphatikiza ndi kuchotsera. Zonsezi zimatsitsa giya kuti injini igwire galimoto. Ngakhale a Prius ndi a Aqua, amene potsika amagwiritsa ntchito mota yamagetsi kudzaza batire, ali ndi B, chifukwa batire ikadzaza pakati pa mtsetse ntchito yonse imabwerera ku mapadi.

Ndiye pali chizolowezi chimene kusowa ndi kukwera mtengo kwa mafuta kwachikulitsa: kuika galimoto mu fili pamtsetse, ena mpaka kuzimitsa injini. Ndimamvetsa chimene chimawakankha, makamaka a minibasi ndi a matola amene madzulo ayenera kupereka ndalama kwa bwana. Koma phindu limene akulifunalo kulibe. M'magalimoto a masiku ano a injekishoni, mukakhala mugiya n'kuchotsa phazi pamoto, kompyuta imatseka mafuta chifukwa matayala ndi amene akuzunguza injini. Mukaika mu fili, injini iyenera kumwa mafuta kuti isazime. Choncho wa fili sapulumutsa kanthu kooneka, koma wataya thandizo lonse la injini, ndipo liwiro likakwera giya imatha kukana kulowanso. Kuzimitsa injini ndiye kuika moyo wa okwera pachiswe. Chimene chimapepuza pedulo ya buleki chimadalira injini. Ikazima mumatsala ndi kuponda kuwiri kapena kutatu, kenako pedulo imauma gwa. Chiwongolero chimalemera, ndipo kiyi akabwerera m'mbuyo kwambiri chimatha kukhomeka. Pa mathiraki ndi mabasi a mabuleki a mpweya, injini ndi imene imapopa mpweyawo, ndiye yongolira pang'onopang'ono mu fili siibweza mpweya umene dalaivala akutaya poponda. Wokwera amene wamva injini yakhala chete pamtsetse ali ndi ufulu wonse wolankhula kuti, "Adalaivala, ikani mugiya," ndipo enafe tizimuthandiza m'malo momuyang'ana ngati wovuta.

Mukamva fungo lija kapena pedulo yayamba kusintha, imani pamalo oyamba otetezeka mabuleki akadali ndi kamphamvu. Siyani galimoto mugiya, ikani mwala patayala, dikirani zitsulo zizizire zokha. Musathire madzi pa disiki yotentha, imatha kupindika kapena kung'aluka.

Nanga pedulo ikalowadi pansi muli paliwiro? Popani mofulumira kangapo. Mabuleki a magalimoto a masiku ano ali ndi njira ziwiri zosiyana za fuluwidi, choncho imodzi ikaboola inzake imatha kugwirabe, ngakhale pedulo ikugwirira pansi kwambiri. Tsitsani magiya imodziimodzi, osadumpha kuchoka pa 5 kufika pa 1. Kokani handibuleki pang'onopang'ono chala chili chikanikizire kabatani kake, kuti matayala akumbuyo akafuna kuuma mubweze msanga. Kuikoka mwamphamvu kamodzi kumatembenuza galimoto. Imbani hutala, yatsani mahazadi, injini musaizimitse. Ngati liwiro likukulirakulira, musadikire kona yotsatira: khuzitsani mbali ya galimoto kukhoma la phiri, kutchire kapena pamchenga, kutali ndi anthu. Galimoto imawongoledwa kugalaja.

Zizindikiro zimabwera kale ndithu tsikulo lisanafike. Kulira kosongoka poponda buleki nthawi zambiri ndi kachitsulo koikidwa dala kuti kachenjeze kuti mapadi atsala pang'ono. Kukukuta ndiye kuti atha, chitsulo chikudya chitsulo chinzake. Galimoto yokokera mbali imodzi poima ili ndi tayala limene silikugwira mofanana ndi linzake. Pedulo imene imatsika yokha pang'onopang'ono mutaima pamaloboti ikunena kuti fuluwidi ikuthawa penapake. Fuluwidi ikatsika m'kabotolo kake, funso likhale lakuti yapita kuti, chifukwa siiuma ngati petulo: mwina mapadi adyeka, mwina pali podontha. Getsi lachikasu la ABS likakana kuzima, mabuleki wamba akugwirabe koma ABS yasiya, ndipo kuchotsa babu yake sikukonza kanthu.

Kumagalaja athu kuli amakaniko aluso kwambiri, koma kulinso njira zachidule zimene mwini galimoto ayenera kuzikana ngakhale thumba lili lopepuka. Kutseka paipi ya tayala lodontha ndi msomali kuti galimoto iziyenda ndi mabuleki atatu, kuthira madzi a sopo m'malo mwa fuluwidi, kuthira oyilo wa injini amene amatupitsa timalabala ta m'kati mpaka mabuleki onse kuwonongeka, kusintha mapadi a tayala limodzi n'kusiya a mbali inayo: zonsezi zimagwira pabwalo la galaja, n'kukakanika pa Chiweta. Pepala la COF lochokera ku Road Traffic limanena za tsiku limene galimoto inayesedwa basi. Silidziwa za miyezi yotsatira, ndipo silidziwa za matumba a chimanga ndi anthu oonjezera amene mwakweza, amene amatalikitsa mtunda woimira komanso kutenthetsa mabuleki msanga pamtsetse. Makaniko akangomaliza kuika mapadi atsopano, popani pedulo mpaka ilimbe musanasunthe galimoto, chifukwa kuponda koyamba kumalowa pansi popanda kugwira, ndipo masiku oyambirira muwapondereze mofatsa mpaka akhazikike pa disiki.

Chinthu chimodzi chimene ndikanakonda kuti aliyense wophunzitsa galimoto azichita ndi wophunzira wake, komanso aliyense wogula galimoto ina, ndi kupeza malo apululu opanda anthu, kumanga lamba, kuchotsa katundu wongoikidwa pamipando, kufika pa makilomita 30 kapena 40 pa ola, n'kuponda buleki ndi mphamvu zonse. Bwerezani kangapo, paphula komanso pafumbi. Phazi lizolowere kunjenjemera kwa ABS, thupi lidziwe mmene lamba amagwirira, ndipo mutsike mukayese ndi mapazi mtunda umene galimoto yanuyo yatenga kuchokera pamene munaponda. Mukaona kuti bondo likuwongoka lonse pedulo isanafike pansi, sendezani mpando kutsogolo, chifukwa mwendo wotambasuka sungapereke mphamvu yonse pabuleki.